Mmene mungafufuzire ndi kuzindikira galimoto ndi malole akale osiyidwa m'chigwa cha Shire

Munthu amene amayenda m'maboma a Chikwawa ndi Nsanje maso ali tcheru sangalephere kuona galimoto zakale zimene zinaima kalekale kuseri kwa sitolo, pansi pa mtengo wa nimu kapena pambali pa khola, matayala ataphwa, nkhuku zikuikiramo mazira. Ambiri amangoti ndi ziphakasa zoyembekeza ogula zitsulo zakutha, koma pakati pa zimenezi pali Land Rover, Peugeot ndi Bedford zimene anthu odziwa amazifuna kuti azijambule, azilembe mbiri yake kapena azidzutse. Malangizo otsatirawa ndi a munthu wofuna kuzipeza, kuzizindikira ndi kuyesa ngati zidakali ndi moyo, poganizira zinthu ziwiri zimene zimavuta kwambiri kuchigwa kuno: madzi osefukira amene amawononga chitsulo mobisa, ndiponso umwini, pakuti galimoto yooneka ngati yotayidwa nthawi zonse imakhala ndi mwini wake.

Choyamba, sankhani nyengo. Miyezi yabwino ndi kuyambira August mpaka October, pamene udzu wauma kapena watenthedwa, mapira ndi thonje zakololedwa, ndipo misewu yafumbi ikupitika. M'dzinja chitsamba chimabisa ngakhale lole yathunthu, komanso dothi lamakande la kumadera a Ngabu limagwira matayala moti ulendo wokaona galimoto yofa ukhoza kuthera pokankha yanu yomwe. Nyamukani m'mamawa ndipo mumalize ntchito yogwira zitsulo dzuwa lisanafike pamutu, chifukwa mu October kutentha kuno kumadutsa madigiri 40 ndipo chitsulo chokhala padzuwa chimawotcha dzanja. M'thumba muikemo tochi, maginito aang'ono, sikuludiraiva yaitali, bulashi yawaya, tepi yoyezera, kope, foni yojambulira, magolovesi achikopa ndi madzi akumwa ambiri. Ndodo yaitali musaiiwale, ndipo muvale nsapato zotseka.

Chachiwiri, ganizirani kumene galimoto zakale zinkagwira ntchito, chifukwa nthawi zambiri zimafera pafupi ndi pamene zinkagona. Mseu wa M1 ukatsika phiri kuchokera ku Blantyre umadutsa pa Thabwa, kuwoloka Shire pa mlatho wa Kamuzu, n'kupitirira ku Nchalo, Ngabu, Bangula ndi Nsanje mpaka kumalire a Marka, ndipo pafupifupi malo onse a malonda a m'mbali mwake ali ndi galaja yakale imene kuseri kwake kuli zotsala. Ulimi wa nzimbe ku Nchalo unayamba m'zaka za m'ma 1960, ndipo unabweretsa mathirakitala ndi malole amene ena mwa iwo anagulitsidwa kwa anthu wamba atatopa. Thonje nalo linkafuna malole onyamula kuchokera m'misika ya ADMARC. M'zaka zakumapeto kwa nkhondo ya ku Mozambique, imene inatha mu 1992, boma la Nsanje linasunga othawa kwawo ochuluka m'misasa monga ya Mankhokwe ndi Nyamithuthu, ndipo mabungwe othandiza anali ndi galimoto zambiri zoyenda m'misewu yoipa. Onjezerani pamenepo mamishoni akale, zigayo, ndi nyumba za amalonda amene anali ndi dzina m'masiku awo.

Komabe maso okha sakwanira, pakuti galimoto zabwino kwambiri sizioneka muli pamseu. Funsani anthu atatu awa: makaniko wachikulire, wowotcherera zitsulo amene amapanga ngolo, ndi woyendetsa njinga ya kabaza. Wopanga ngolo ndiye amadziwa zambiri kuposa onse, chifukwa ntchito yake imadalira ekiselo ndi mawilo a galimoto zakufa, ndipo amakumbukira khomo lililonse limene anakagulako kapena kumene anamukaniza. Musamufunse kuti, "Kodi kuno kuli galimoto zamtengo wapatali?" Funso lotero limakweza mtengo musanaone n'komwe chinthucho. Funsani za anthu: ndani anali ndi lole yoyamba m'dera lino, nanga inathera kuti.

Chachitatu, pemphani chilolezo musanakhudze kalikonse, ngakhale kujambula kumene. Ngati galimoto ili pakhomo pa munthu, odirani monga mlendo aliyense, landirani mpando, perekani moni, kenaka nenani chimene mwadzera mosabisa. Ngati ili pathengo kapena pabwinja, pitani kwa a nyakwawa kapena a gulupu, ndipo mawu onga akuti, "Mfumu, ndaona galimoto yakale kumunsi kwa mudzi wanu, ndiye ndati ndisaiyandikire musanandiuze eni ake," amatsegula njira mwamsanga. Munthu wachilendo wozungulira galimoto ali ndi sikuludiraiva m'manja amaoneka ngati wakuba zitsulo, ndipo m'midzi imene inabedwapo zipangizo za pamjigo anthu sachedwa kumuzinga. Galimoto zimene zili m'mabwalo a boma, a polisi kapena a makampani musazijambule popanda kalata kapena mawu a woyang'anira malowo.

Chachinayi, dzitetezeni. Menyani thupi la galimoto ndi ndodo muli chapatali, kenaka dikirani pang'ono. Pansi pa mipando ndi m'malo a injini mumakonda kukhala mphiri ndi mamba, m'zitseko njuchi ndi mavu, ndipo pansi pa mphasa zowola mumabisala zinkhanira. Musalowetse dzanja pamene tochi sinaunike. Musakwawire pansi pa galimoto yokhazikidwa pa njerwa kapena pa zitsa, pakuti chiswe chimadya chitsa m'kati kunja kukuoneka kwabwino. Fumbi la m'mabuleki ndi m'kilatchi ya galimoto zakale kawirikawiri limakhala ndi asibesito, amene amawononga mapapo munthu akamupuma, choncho musaliuzire ndi pakamwa. Mukatemeka ndi chitsulo chadzimbiri, tsukani bala ndi sopo ndipo mupite kuchipatala tsiku lomwelo kuti akuoneni za kafumbata.

Chachisanu, zindikirani mtundu wake, ndipo apa mpamene pafunika kudekha. Yambani ndi maginito. Thupi la Land Rover yakale ndi la aluminiyamu, kotero maginito sagwira pachitseko kapena pambali, pomwe pa Toyota Land Cruiser amagwira m'malo amenewa. Land Rover yoyamba inatuluka mu 1948, ndipo mtundu woyambawu, wotchedwa Series I, umadziwika ndi mbali zake zosalala zopanda m'chiuno. Series II ya 1958 inabwera ndi kutukuka kumene kumayenda m'munsi mwa mawindo kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo, ndipo Series IIA ya 1961 imafanana nayo kwambiri moti kusiyanitsa ziwirizi kumafuna nambala ya chasisi, chimango chachitsulo cha pansi chimene chimasenza thupi la galimoto. Yang'anani nyali: zikakhala pakati, moyandikana ndi sefa wa redieta, galimotoyo ndi yakale kuposa 1969 kapena cha pomwepo, pakuti kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 nyali zinasamutsidwira m'mbali. Series III, imene inapangidwa kuyambira 1971 mpaka 1985, ili ndi sefa wapulasitiki kutsogolo ndipo mawotchi ake ali patsogolo pa dalaivala, osati pakati monga pa akulu ake. Yezani mtunda kuchokera pakati pa wilo lakutsogolo kufika pakati pa lakumbuyo: mainchesi 88 ndi yaifupi, 109 ndi yaitali. Mukaona masipuling'i opota m'malo mwa osanjikizana ngati masamba, ndiye kuti mwapeza ya m'badwo wotsatira, umene unayamba mu 1983 n'kudzapatsidwa dzina lakuti Defender mu 1990.

Land Cruiser ya mtundu wa 40 inayamba kupangidwa mu 1960 ndipo inalowedwa m'malo ndi ya mtundu wa 70 mu 1984. Imadziwika ndi nyali ziwiri zozungulira zokhala m'chimango chimodzi ndi sefa, ndi zotchinga matope zoima pazokha. Zilembo za pa kachitsulo kake zimanena injini: FJ ndi ya petulo, BJ ndi HJ ndi za dizilo, ndipo 45 ndi yaitali imene nthawi zambiri imakhala yotsegula kumbuyo. Peugeot 404, ya 1960, ili ndi mapewa osongoka kumbuyo ndi nyali zozungulira, pomwe 504, ya 1968, ili ndi nyali zamakona zopendekeka ndi buti yotsetsereka. Musafulumire kuipatsa zaka zambiri 504 iliyonse, chifukwa ku Kenya ndi ku Nigeria anapitiriza kuilumikiza mpaka chaka cha 2000 chitadutsa. Chenjezo lomweli likukhudza kagalimoto konyamula katundu ka Datsun 1200, kamene ku South Africa kanapitirira kupangidwa ndi dzina lakuti Nissan 1400 mpaka 2008 maonekedwe ake osasintha kwenikweni. Volkswagen Beetle siivuta: injini ili kumbuyo ndipo ilibe redieta, chifukwa imazizira ndi mphepo.

Pa malole, Bedford ndiyo mudzaipeze kawirikawiri. Ya mtundu wa TJ, imene inayamba mu 1958, ili ndi mphuno yaitali yobulungira kutsogolo kwa dalaivala, pomwe TK ya 1960 ndi yaphwatalala kutsogolo, dalaivala amakhala pamwamba pa mawilo. Mercedes-Benz ya mphuno yaifupi yozungulira inayamba mu 1959, ndipo nambala yake ya pambali imawerengeka mosavuta: 1113 ikutanthauza lole ya matani pafupifupi 11 ikasenza, ya injini ya mphamvu za akavalo pafupifupi 130. Mathirakitala nawo ndi oyenera kuwaona, makamaka Massey Ferguson 135 imene inapangidwa kuyambira 1964 mpaka 1975, ngakhale ine ndimaona kuti thirakitala m'chigwa muno siifa kwenikweni, imangodikira mlimi wina wolimba mtima.

Chachisanu ndi chimodzi, pezani manambala, chifukwa maonekedwe amanama. Amakaniko athu akhala akusinthanitsa zitseko, maboneti ndi injini kwa zaka zambiri, moti Land Rover imodzi ikhoza kukhala ndi nkhope ya Series III, chasisi ya IIA ndi injini ya Toyota. Pa Land Rover yakale nambala imapezeka pa kachitsulo kokhomedwa pa chipupa cholekanitsa injini ndi okwera, komanso inadindidwa pa chasisi penipeni, kutsogolo kudzanja lamanja, pamene sipuling'i imagwira. Palani pamenepo ndi bulashi yawaya mofatsa, pakanipo choko, pukutani, ndipo manambala adzaonekera. Nambala ya zilembo 17 ndi ya dongosolo limene linakhazikika cha mu 1981, kotero yaifupi kuposa pamenepo kawirikawiri imasonyeza galimoto yakale. Lembaninso nambala ya injini ndi ya pamseu. Zilembo za CK ndi za Chikwawa, NE ndi za Nsanje, ndipo MG zimasonyeza kuti inali ya boma, zimene zikutanthauza kuti payenera kukhala kalata yosonyeza mmene inachokera m'manja mwa boma.

Kuti mudziwe chaka chimene inaima, onani timapepala tozungulira tomatidwa pa galasi lakutsogolo, ta msonkho, inshuwalansi kapena COF (kosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamseu), pakuti kaposachedwa kwambiri kamanena nthawi imene inali pamseu movomerezeka. Matayala nawo amathandiza: manambala anayi omaliza pa chidindo cha m'mbali mwa tayala choyamba ndi zilembo za DOT amanena sabata ndi chaka chimene linapangidwa, monga 2304 kutanthauza sabata ya 23 ya 2004, ndipo akakhala atatu okha tayalalo linapangidwa chaka cha 2000 chisanafike. Mtengo wa masau kapena wa mthethe umene wamera kubowola pansi pa galimoto ndi mboni inanso yosanama.

Chachisanu ndi chiwiri, fufuzani za madzi, ndipo gawo ili ndi limene limasiyanitsa chigwa cha Shire ndi madera akumtunda. Galimoto imene yakhala panja kuno inaona madzi osefukira a January 2015, a namondwe Idai mu March 2019, a Ana mu January 2022 ndi a Freddy mu March 2023, kupatula a zaka zakale. Kunja dzuwa limaumitsa msanga ndipo utoto ukhoza kuoneka wabwino, koma matope amene analowa m'kati mwa chasisi amasunga chinyontho ndi kudya chitsulo kuchokera m'kati. Funsani eni khomo kuti madzi anafika pati, ndipo mufananize yankho lawo ndi mzere umene madzi anasiya pakhoma la nyumba kapena pamtengo woyandikana nawo. Kenaka funani mzere womwewo m'galimoto: kuseri kwa mawotchi, m'kati mwa magalasi a nyali, m'kabokosi ka patsogolo pa wokwera, ndi pansi penipeni pa zitseko. Mchenga wosalala wouma m'malo amenewa umatanthauza kuti galimoto inamira. Madera a Makhanga, Chiromo ndi m'mbali mwa dambo la Ndindi kapena la Elephant Marsh ndi okayikitsa kwambiri, pomwe galimoto za kumtunda monga ku Chididi ndi ku Chapananga nthawi zambiri zimapezeka zouma. Dziwaninso kuti m'malo ena a chigwachi nthaka ndi yamchere, monga amadziwira aliyense amene analawapo madzi a mijigo ina, ndipo chitsulo chokhudza nthaka yotere chimawola msanga.

Tsopano gogodani chasisi ndi chogwirira cha sikuludiraiva kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo. Chitsulo chabwino chimalira mokweza, chowola chimayankha mogonthera, ndipo nsonga ya sikuludiraiva ikalowa ndiye kuti pamenepo patha. Pa Land Rover musanyengedwe ndi thupi losachita dzimbiri, chifukwa chasisi, chipupa cha kutsogolo, popondera mapazi ndi mafelemu a zitseko zonse ndi zachitsulo, ndipo mtanda wakumbuyo kwenikweni ndiwo umayamba kutha. Pa Peugeot 504 yokwera anthu palibe chasisi yapadera, thupi lenilenilo ndilo limasenza zonse, kotero pansi pakawola ntchito yoikonza imakhala yaikulu koposa. Solani kachitsulo koyezera oilo: akakhala wotuwa ngati tiyi wamkaka, kapena madzi akayamba kutuluka pomasula boti ya pansi, injini inamwa madzi. Musayese kuiliza ndi batire yobwereka, ngakhale mwini wake akuumirize kuti inaima ikuyenda bwinobwino. Chotsani mapulagi ngati ndi ya petulo, thirani oilo pang'ono m'mabowo ake, dikirani masiku angapo, ndipo muipukuse ndi dzanja pogwiritsa ntchito sipanala kapena handulo imene Land Rover zakale zinkabwera nayo. Ikazungulira, ngakhale movutikira, pali chiyembekezo.

Werengani zimene zikusowa, chifukwa kuchigwa kuno galimoto yakufa imadyedwa mwa dongosolo lodziwika. Batire, sitata ndi redieta zimapita koyamba. Ekiselo yakumbuyo ndi mawilo zimakakhala pangolo yokokedwa ndi ng'ombe, masipuling'i amapita kwa osula kukasanduka nkhwangwa ndi zikwanje, mipando imakhala pakhonde, boneti imatseka khola la mbuzi, ndipo aluminiyamu amagulidwa ndi opanga mapoto. Ubwino wake ngwakuti zambiri mwa izi sizipita kutali, ndipo mukafunsa mwaulemu mukhoza kupeza chitseko chosowacho m'mudzi momwemo. Zipangizo za injini ndi mabuleki a Land Rover ndi Land Cruiser zimapezekabe kwa ogulitsa, koma magalasi opindika, zokongoletsa zonyezimira ndi zizindikiro za Peugeot 404 kapena Bedford n'zovuta kupeza, choncho kukhalapo kwake kumakweza phindu la galimotoyo kuposa injini yolira.

Jambulani mbali zonse zinayi, m'kati, injini, manambala onse ndi malo ozungulira, kenaka khalani pansi ndi eni ake mulembe zimene akukumbukira: anaigula kuti, inkanyamula chiyani, inafa bwanji. Pofalitsa zithunzi pa Facebook kapena pa WhatsApp, tchulani boma lokha osati mudzi, ndipo mubise nambala ya pamseu, pakuti chithunzi chosonyeza malo enieni chimaitana akuba zitsulo pakhomo pa anthu amene anakulandirani bwino.

Chomaliza chikukhudza okhawo ofuna kugula. Funsani blue book, buku la umwini wa galimoto, ndipo muonetsetse kuti nambala ya chasisi ndi ya injini zolembedwamo zikufanana ndi zimene munapala. Kawirikawiri dzina la m'bukumo limakhala la munthu amene anamwalira, ndipo pamenepo galimotoyo ndi gawo la chuma chamasiye chimene chimayendetsedwa ndi lamulo la 2011 lokhudza chuma cha omwalira. Mwana mmodzi, mlamu kapena malume amene ali pakhomopo sangakhale ndi mphamvu yogulitsa payekha, ngakhale atakhala kuti ndiye wakhala akusesa pansi pake zaka zonsezi. Pemphani kuti mayi wamasiye ndi ana onse agwirizane, funsani ku ofesi ya DC za amene anapatsidwa mphamvu yoyang'anira chumacho, ndipo mgwirizano ulembedwe pamaso pa mfumu ndi mboni. Galimoto yokhala ndi nambala ya ku Mozambique, kapena yopanda nambala n'komwe, imafuna kuti muyambe mwaonana ndi a MRA za msonkho wolowera m'dziko, komanso apolisi kuti atsimikize kuti siinabedwe. Kusintha umwini kumachitikira ku nthambi ya boma yoona za pamseu, ndipo ndi bwino kukafunsa kumeneko zofunika zonse, manambala ali m'manja, musanapereke ndalama.

Tsiku loichotsa, kumbani mozungulira mawilo amene anamira m'dothi, ikwezeni ndi jeke pa thabwa lolimba, ndipo mugogode madiramu a mabuleki ndi hamala kuti amasuke, chifukwa akakhala zaka zambiri amamatirira. Bwerani ndi mawilo anu anayi okhala ndi mpweya. Musaikoke ndi chingwe pamseu waukulu, makamaka pokwera phiri la pakati pa Thabwa ndi Blantyre, pamene pali makona akuthwa ndi malole olemera, chifukwa galimoto yopanda mabuleki ikaduka chingwe pamenepo palibe woigwira. Ikwezeni pa lole, imangidwe ndi matcheni pa chasisi osati pa bampala, ndipo kalata ya mgwirizano, ya mfumu ndi blue book zikhale m'thumba la amene wakhala kutsogolo, pakuti apolisi a pa zipata za pamseu adzafuna kuziona.